Kuchotsa chiberekero, kaya ndi loboti kaya kung'amba mimba, bala lalikulu limakhala mkati

Amayi anzanga a kuno ku Salima, komanso inu azibambo musadumphe chifukwa ikukukhudzani, mafunso achuluka pa nkhani ya mavidiyo omwe anthu akutumizirana pa WhatsApp oonetsa loboti ikuchita opaleshoni. Ena akuti eti kunjaku madokotala anasiya ntchito makina ndi omwe akuchotsa ziberekero, munthu lero lero wachira. Sizili choncho ayi.

Makina odziwika kwambiri dzina lake ndi da Vinci, amapangidwa ndi kampani ya Intuitive Surgical ya ku America, ndipo kumeneko anawaloleza mu 2000, pa ma opaleshoni a amayi mu 2005. Loboti siganiza yokha. Dokotala amakhala pampando mu fiyeta momwemo, maso pa sikirini, zala pa tozigwirira, ndiye akasuntha chala timikono ta makina timasunthanso mkati mwa mimba. Amaboola timabowo titatu mpaka tisanu, kalikonse pafupifupi sentimita imodzi, kwinako kulowa kamera, mimba amaipopa ndi mpweya kuti aone bwino, chiberekero nthawi zambiri chimatulukira ku njira ya abambo. Makina amodzi mtengo wake umaposa madola 1 miliyoni, nchifukwa chake mumawamva ku India ndi ku South Africa. Ndipo akafananitsa ndi opaleshoni ya timabowo yomwe dokotala amagwira yekha zipangizo popanda loboti, kachiridwe kake sikasiyana kwenikweni, chimene chimasiyana ndi bilu.

Kwathu kuno yomwe ambiri amachitidwa ndi yong'amba pansi pa mchombo ngati ya siza ija, ndipo palibe chochititsa manyazi, imapulumutsa miyoyo tsiku ndi tsiku. Zifukwa zake nzodziwika: zotupa za m'chiberekero zija amati ma fibroids zomwe zimapangitsa mayi kusamba magazi ambiri mpaka kuyera m'maso, chiberekero kutsika, kuphulika pobereka, magazi osasiya mwana atabadwa, komanso khansa ya khomo la chiberekero yomwe Malawi ili m'gulu la mayiko omwe yavuta kwambiri padziko lonse. Zikavuta pa chipatala cha boma amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Wong'ambidwa mimba amagona m'chipatala masiku angapo, kuchira kwake masabata 6 mpaka 8. Wa loboti amatha kutuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake, pakatha masabata 2 mpaka 4 amayamba tintchito topepuka. Koma onse awiri akachotsedwa chiberekero pamodzi ndi khomo lake amasokedwa mkati kumapeto kwa njira ya abambo, ndipo ulusi umenewo sudziwa kuti anasoka ndi loboti kapena ndi manja, umafuna masabata osachepera 6 basi. Timabala tating'ono takunja timanamiza. Ndikudziwa mayi wina yemwe anachitidwa ya loboti kunja ana ake atasonkha ndalama, atabwera anthu kuona timapulasitala tinayi pamimba anati aaa mwachira kale inu, sabata yachiwiri anali pa mjigo chigubu pamutu, madzulo ake magazi, usiku kusaka galimoto. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20 amayi, musachione kuzolowereka.

Ndiye pa masabata 6 amenewa musasenze madzi kapena nkhuni, musasinje, musalime, musanyamule mwana wamkulu kumbuyo, ngakhale kuvundula nsima ya banja lonse mu mphika waukulu, makamaka kondowole yemwe amafuna mphamvu za m'mimba, siyirani ena. Kabaza pa msewu wa mabampu mupeweko kaye masabata oyambirira. Kunyanja kukasamba kapena kuchapa mutaima m'madzi dikirani bala liume komanso zotuluka kumusi zisiye, sambani ndi madzi oyera a mu beseni nkupukuta bala bwinobwino. Koma kugona tsiku lonse nakonso ayi. Anesi akamakudzutsani mawa lake la opaleshoni kuti muyende mu wodi si nkhanza, kuyenda kumathandiza kuti magazi asaundane m'miyendo komanso matumbo ayambe kugwira ntchito. Kunyumba muziyenda pang'onopang'ono pakhomo, tsiku lililonse kuonjezerako.

Zina zimadabwitsa koma sizoopsa. A timabowo ambiri amadandaula phewa kuwawa tsiku loyamba ndi lachiwiri, nkumati kodi anandigwetsa pa bedi, ayi ndi mpweya uja anapopa, umatha wokha. Timagazi tochepa kapena zotuluka zofiirira kwa masabata angapo zimachitika, valani padi, osalowetsa kanthu mkati, kaya nsalu kaya mankhwala achikuda oti aumitse, chonde. Kudzimbidwa nakonso kumavuta ndipo kudzikakamiza kuchimbudzi kumakoka ulusi, imwani madzi ambiri, idyani papaya, mango ikakhala nyengo yake, masamba monga bonongwe ndi nkhwani, usipa ndi nyemba kuti magazi abwerere. Kutopa kumatenga nthawi kuposa momwe munthu amaganizira, ena mpaka miyezi iwiri itatu, si ulesi.

Izi zokha musadikire kuti kuche: thupi kutentha, magazi ambiri odzaza padi mu ola limodzi, zotuluka zonunkha, bala kufiira kutupa kapena kutuluka mafinya, m'mimba kuwawa moonjezereka, kusanza kosalekeza, kulephera kukodza kapena mkodzo kumangodontha wokha ku njira ya abambo, mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa katumba, kubanika. Kuno kunyanja thupi likatentha tonse timangoti malungo nkukagula mankhwala pa golosale, koma munthu wa opaleshoni apite akayezedwe ndipo anene kuti ndinachotsedwa chiberekero tsiku lakuti, buku la kuchipatala lili m'manja.

Azibambo tsopano. Kukhala malo amodzi dikirani masabata 6 kapena kuposa, mpaka adokotala ataona kuti mkati mwapola, chifukwa ulusi ukamasuka pamenepo ndi opaleshoni ina yadzidzidzi. Ndipo zija zimakambidwa pa bawo zoti mkazi wochotsedwa chiberekero amatsala dzenje, sakomanso, ndi bodza lenileni. Njira ya abambo imakhalapo, imangotsekedwa kumapeto, ndipo amayi ambiri omwe ankavutika ndi ululu ndi magazi amati zinthu zinayamba kuyenda bwino atachira. Chomwe chimatha ndi kusamba ndi kutenga mimba. Matenda opatsirana pogonana ndi HIV mutha kutengabe, makondomu ndi ma ARV musasiye.

Musanatuluke m'chipatala funsani mafunso awiri, ndipo gadiyani amve nawo. Loyamba, kodi timatumba ta mazira mwachotsa kapena mwasiya? Akasiya thupi limapitiriza monga kale kungoti simusamba. Akachotsa tonse tiwiri mumalowa msinkhu wosiya kusamba nthawi yomweyo ngakhale muli ndi zaka 35, kumva kutentha kobwera mwadzidzidzi, thukuta usiku, kuuma kumusi, mtima kukwiya msanga, ndipo thandizo lilipo mukanena. Lachiwiri, kodi khomo la chiberekero latsala? Ngati latsala muzipitabe kukayezetsa khansa, kuyeza kwa viniga kuja, ndipo amene anachotsedwa chifukwa cha khansa asaphonye masiku obwerera ku chipatala ngakhale thiransipoti ya ku Lilongwe ikhale yowawa.

Ena amalira akabwera kunyumba, makamaka amene amafunabe mwana, ndipo apongozi akayamba zonena zawo zimapweteka kuposa bala. Mukaona masabata akupita tulo osabwera, chakudya osachifuna, kumangodzitsekera m'nyumba, kauzeni anesi pa tsiku lokaonetsa bala kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Atsikana anu a zaka 9 mpaka 14 apititseni akabayitse katemera wa HPV woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero ija, boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019 ndipo ndi waulere.