Kodi mwanayu watengera ndani?

Makolo akabwera ndi mwana wa zaka 15 yemwe wasiya kudya, wasiya kucheza ndi anzake, kapena akungodzitsekera kuchipinda, funso lawo loyamba kwa ife ogwira ntchito ya matenda a maganizo silikhala la mankhwala. Amafunsa kuti, "Adokotala, kodi mwanayu watengera ndani?" Ena amafika mlandu atagamula kale kunyumba: kwawo kwa mayi kunali malume wina amene anazungulira mutu, ndiye make mbuu, mwana mbuu. Ena amaloza foni. Ena amati ana a m'tauni muno tikuwalekerera, akanakulira kumudzi ku Mitundu sibwenzi akutere. Palinso ena amene satulutsa mawu, koma mumtima akukayikira wachibale amene anakangana naye za munda.

Funsoli n'lomveka. Vuto lake n'loti likufuna wolakwa mmodzi, pamene matendawa amabwera zinthu zingapo zikakumana, ndipo zambiri mwa izo palibe anazisankha.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndiponso kuti theka la matendawa limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Chiwerengero chimenecho mukachiika m'kalasi ya ana 70 pasekondale yoyendera ku Area 25 kapena ku Kawale, ndiye kuti ana 10. Ambiri mwa iwo sadzafika kuchipatala. Amangotchedwa amwano, aulesi kapena odzimva.

Zakumtundu zilipodi, ndipo sindibisira makolo. Akatswiri anazitulukira makamaka poyerekeza mapasa. Mapasa ofanana, ochokera m'dzira limodzi, amakhala ndi DNA (malangizo a chibadwa amene timatengera kwa makolo) yofanana yonse, pamene mapasa osafanana amagawana pafupifupi theka, monga ana ena onse a bambo ndi mayi mmodzi. Matenda akamagwira kawirikawiri mapasa ofanana onse awiri kuposa osafanana, timadziwa kuti chibadwa chili ndi mbali. Pa matenda okhumudwa kwambiri, amene kuchipatala timawatcha depression, mbali ya chibadwa inapezeka kuti ndi pafupifupi 37 pa 100. Pa schizophrenia, matenda amene munthu amamva mawu pomwe palibe akuyankhula n'kumakhulupirira zinthu zoti kulibe, mbaliyi imafika cha m'ma 80 pa 100.

Nambala ya 80 imaopsa anthu chifukwa amaimva molakwika. Siikutanthauza kuti mwana wa munthu wodwala watsala pang'ono kudwala nayenso. Mwa anthu wamba 100, pafupifupi mmodzi ndiye amadwala schizophrenia. Mwa ana 100 amene kholo lawo limodzi likudwala, odwala amakhala pafupifupi 10, kutanthauza kuti 90 sadwala. Ngakhale pa mapasa ofanana aja, mmodzi akadwala, pafupifupi theka la anzawo obadwa nawo amakhala bwinobwino moyo wawo wonse, chikhalirecho magazi ndi amodzi. Choncho banja limene likuletsa ukwati chifukwa chakuti kwawo kwa mkwati kunali wodwala misala likuweruza mopitirira zimene sayansi ikudziwa.

Palibenso gene (kachigawo ka DNA) imodzi ya kukhumudwa kapena ya misala. Mu 2003, Avshalom Caspi ndi anzake, amene ankatsatira ana oposa 1,000 obadwira mumzinda wa Dunedin ku New Zealand, analengeza kuti apeza gene imene imachititsa anthu ena kugwa msanga m'kukhumudwa akakumana ndi mavuto. Nkhaniyi inamveka dziko lonse. Koma ena atayesa ndi anthu ochuluka kwambiri, zotsatirazo sizinabwerezeke. Lero tikudziwa kuti pali tizigawo ta DNA mazanamazana, ndipo kalikonse kamangowonjezera pang'ono zedi. Zili ngati BP: kumtundu ikhoza kukhalapo, koma mchere, kunenepa ndi nkhawa ndi zimene zimaidzutsa, ndipo wina wa m'banja lomwelo amakalamba osaidziwa.

Chimene mwana amatengera kwenikweni ndi mtima wake: wina amabadwa wamantha, wina wosachedwa kupsa mtima, wina zinthu zimangomudutsa. N'chifukwa chake ana awiri odya nsima ya mumphika umodzi, olangizidwa ndi bambo mmodzi, amatuluka osiyana. Maliro a agogo, wina amalira sabata n'kubwerera kumpira, wina chaka chimatha asanabwerere mwakale. Pali mfundo ina imene makolo ambiri amapepukidwa nayo akaimva. Si kholo lokha limene limaumba mwana, mwananso amaumba kholo. Mwana wovuta kuyambira ali khanda amakalipiridwa kwambiri kuposa mng'ono wake wofatsa, kukalipirako kumamuwonjezera ukali, ukaliwo n'kuitana kukalipira kwina. Pofika Folomu 2 palibe amene akukumbukira kuti zinayamba ndi ndani.

Malo amene mwana akukulira amayamba kugwira ntchito asanabadwe. Pa njala imene inagwa ku Netherlands mu 1944 ndi 1945, ana amene mimba zawo zinayamba njala ili pachimake anadzadwala schizophrenia mowirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo. Ku China anapezanso zofanana pa ana a m'njala ya 1959 mpaka 1961. Kwa ife amene timadziwa miyezi ya January ndi February momwe imakhalira m'makomo ambiri, chakudya cha mayi woyembekezera ndi nkhani ya ubongo wa mwana, osati ya sikelo yokha.

Koma chimene chimavulaza maganizo a ana kuposa zonse ndi nkhanza ndi mantha a pakhomo. Kafukufuku wina wotchuka amene anatuluka mu 1998 ku America, wotsogoleredwa ndi Vincent Felitti ndi Robert Anda, anafunsa akuluakulu masauzande ambiri za ubwana wawo: kumenyedwa, kugwiriridwa, kuona mayi akumenyedwa, kukhala ndi kholo lachidakwa. Amene anakumana ndi mitundu inayi kapena kuposa ya mavutowa anali pachiopsezo chowirikiza kanayi kapena kuposa cha kukhumudwa ndi uchidakwa, ndipo pa kuyesa kudzipha chiopsezo chinafika ka 12. Kuno kwathu, kafukufuku wa boma wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti pafupifupi anyamata awiri mwa atatu ndi atsikana awiri mwa asanu anachitiridwa nkhanza zomenyedwa asanakwane zaka 18, ndipo mtsikana mmodzi mwa asanu anachitiridwa nkhanza zokhudza kugonana. Thupi la mwana amene amagona akumvetsera ngati bambo abwere ataledzera limakhala lili tcheru usana ndi usiku. Limatulutsa michere ya mantha mosalekeza, tulo timasokonekera, ndipo m'kalasi mutu sugwira.

Umphawi nawo umalowa m'mutu. Umboni wabwino tili nawo wa konkuno. Ku Zomba, cha m'ma 2008 ndi 2009, atsikana ena a sukulu ndi mabanja awo ankapatsidwa ndalama pang'ono mwezi uliwonse, ena osapatsidwa, kuti ayerekeze. Mwa amene ankalandira, ovutika maganizo anachepa moonekeratu. Ndalama zitasiya, kusiyanako kunazimiririka. Mtsikana wa ku Mtandire amene wabwezedwa kachitatu chifukwa cha fizi safunika uphungu wokha, ndipo ndimaona kuti ife achipatala timachita manyazi kunena zimenezi poyera chifukwa fiziyo sitingamulembere papepala la mankhwala.

Za chamba ndilankhule mosapita m'mbali, chifukwa apa ndi pamene chibadwa ndi malo zimakumana moonekera kwambiri. Ku Sweden anatsatira anyamata oposa 45,000 olowa usilikali, ndipo mu 1987 zinadziwika kuti amene anali atasuta chamba nthawi zoposa 50 anadzadwala schizophrenia mowirikiza pafupifupi ka 6 poyerekeza ndi osasuta. Anyamata amatsutsa, amati, "Nanga uje wasuta zaka zonsezi bwanji ali bwinobwino?" N'zoona, ambiri sapenga. Koma palibe amene amadziwiratu zimene wanyamula m'magazi mwake, ndipo amene wayamba ali wamng'ono, n'kumasuta champhamvu tsiku ndi tsiku, ndiye ali pangozi yaikulu. Ngati kumtundu kunali wodwala misala, mwana ayenera kuuzidwa mosabisa kuti chamba kwa iye ndi choopsa kuposa kwa anzake. Lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, silinaloleze kusuta.

N'chifukwa chiyani zonsezi zimaphulika pa msinkhu umenewu? Ubongo sukula pamodzi wonse. Mbali imene imamva chisangalalo, manyazi ndi mkwiyo imakhwima msanga mwana akatha msinkhu, pamene mbali yakutsogolo, yothandiza kudziletsa ndi kuganizira za mawa, imapitiriza kukula mpaka cha m'ma 25. Mawu onyoza a pagulu la WhatsApp la kalasi, amene inu mungangowaseka, kwa iye amakhala ngati dziko lagwa. Tulo natonso timasintha: thupi la wachinyamata limachedwa kumva tulo, komabe limafuna maola 8 mpaka 10. Mwana wokonzekera MSCE amene amagona 12 koloko n'kudzuka 3 koloko kuti awerenge akudziwonongera zomwe akufunazo. Foni ili ndi mlandu wake, makamaka ikamadya tulo, koma kawirikawiri mwana amathawira pafoni vuto litayamba kale.

Nanga kholo lili ndi mphamvu yanji? Kuyambira m'ma 1960, pamene katswiri wa za maganizo Diana Baumrind anayamba kuona momwe makolo amalerera, zotsatira zakhala zikubwera mofanana: ana amachita bwino pakhomo pamene pali chikondi choonekera komanso malamulo omveka. Chimodzi chokha sichikwanira. Pakhomo pa malamulo okhaokha mwana amaphunzira kubisa, ndipo pa chikondi chopanda malire amasowa pogwira. Kuuza mwana kuti azifika pakhomo isanakwane 6 koloko, n'kumufotokozera chifukwa chake, n'kumumvera akadandaula, sikumulekerera ayi.

Za chikwapu ndikudziwa kuti tisiyana ndi ena. Mu 2016, Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anaphatikiza kafukufuku wa zaka 50 wokhudza ana oposa 160,000, ndipo sanapeze phindu la kukwapula. Anapeza kuti ana okwapulidwa amakhala aukali ndi ovutika maganizo kuposa anzawo. Akuluakulu amati, "Ife tinakwapulidwa koma tinakula bwino." Ena anakuladi bwino, mwina chifukwa mtima umene anabadwa nawo unali wopirira, mwinanso chifukwa panali agogo amene ankawapukuta misozi. Amene sanakule bwino sapezeka pa zokambiranazi. Ndipo kulera kumaphunzirika. Ku Eastern Cape ku South Africa, pulogalamu ya Sinovuyo inkasonkhanitsa makolo ndi ana awo achinyamata kwa milungu 14 kuphunzira kuyamikirana, kukambirana mkwiyo utazizira ndi kukonza bajeti limodzi. Nkhanza m'makomo amenewo zinachepa, ndipo makolo enieniwo anapepukidwa maganizo.

Mfundo yomalizayi ndi yofunika. Mayi wokhumudwa kwambiri kapena bambo womwa kachasu tsiku lililonse sangathe kupereka chimene alibe. Kafukufuku wa ku America wa 2006 anaonetsa kuti amayi odwala depression akachira, ana awo ambiri amayambanso kupeza bwino ngakhale anawo sanalandire mankhwala. Nthawi zina wofunika kuonedwa poyamba ndi amene wabweretsa mwanayo.

Kholo siliyeneranso kusenza lokha. Katswiri wina, Emmy Werner, anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pachilumba cha Kauai ku Hawaii. Mwa amene anabadwira m'mavuto aakulu, mmodzi mwa atatu anakula bwino ndithu, ndipo chimene ambiri a iwo anali nacho ndi munthu wamkulu mmodzi wodalirika: agogo, azakhali, mphunzitsi. Kumudzi munthu wotereyu ankapezeka popanda kumufunafuna. Mu Lilongwe, mwana wa ku Area 47 akhoza kukhala mumpanda wa njerwa ndi wantchito yekha, makolo atachoka m'mawa kuthawa mzere wa magalimoto. Winanso anatengedwa kumudzi kuti "adzaphunzire m'tauni", koma ndiye woyamba kudzuka ndi womaliza kugona, ndipo palibe amene amamufunsa kuti waswera bwanji. Ngati mwana wanu amamasuka ndi amalume ake kuposa inu, musachite nsanje. Muziwaitana amalumewo.

Kusinthasintha kwa mtima n'kwachibadwa pa msinkhuwu. Chodetsa nkhawa ndi pamene kukhumudwa kapena kupsa mtima kwapitirira milungu iwiri, mwana wasiya zimene ankakonda, kudya ndi kugona kwasintha, magiredi atsika mwadzidzidzi, kapena akungodandaula mutu ndi m'mimba koma kuchipatala malungo sakupezeka. Akayamba kudzicheka, kuyankhula yekha, kugawa katundu wake kapena kunena kuti "bola kungofa", musadikire mawa. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wazindikira. Mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapilisi achotseni pomwe angawapeze.

Yambirani pachipatala chimene muli nacho pafupi, akutumizani kwa ogwira ntchito ya matenda a maganizo. Muno mu Lilongwe a chipatala cha St John of God amathandiza anthu a mavutowa, ndipo nambala ya foni ya 116 ndi yaulere kwa ana ndi aliyense wofuna kuwathandiza. Kupemphera sikuletsedwa, koma kusakhale chifukwa chochedwera miyezi, poti matenda ngati schizophrenia amamva mankhwala bwino akagwidwa msanga. Mukafika, nkhani ya malume uja anazungulira mutu musaibise chifukwa cha manyazi. Tikaidziwa, timadziwa zoyang'ana, mankhwala oyenera kusamala nawo, ndi zoti tiwauze abale ake a mwanayo.