Waya kapena Wi-Fi: chimene chimachititsa gemu yanu kugwiragwira n'chiyani?

Gemu yapaintaneti ikayamba kugwiragwira, anthu ambiri amathamangira kukweza liwiro la intaneti, kuchoka pa 50 Mbps kufika pa 200 Mbps (Mbps ndi muyezo wa liwirolo). Ndalama zimapita, koma vuto limatsala pomwepo: mukuwomberabe mdani amene wachoka kale, galimoto yanu ikubwererabe mwadzidzidzi pamene inali sekondi yapitayo. Chifukwa chake n'chakuti kusewera sikudya data yambiri. Magemu ambiri safika ngakhale pa 1 Mbps masewera ali m'kati. Liwiro lalikulu limathandiza pokopera gemu kapena apudeti, basi. Posewera, chofunika n'chakuti timaphukusi ta uthenga tizifika msanga, ndiponso tizifika mosadukiza.

Nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva, kompyuta yakutali imene ikuyendetsa masewerawo, n'kubwerako ndi imene osewera amati ping, ndipo timaiyeza m'mamilisekondi (mamilisekondi 1,000 ndi sekondi imodzi). Gemu yoonetsa zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi pafupifupi mamilisekondi 17 alionse, choncho kuchedwa kwa mamilisekondi 100 ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi zimene zakudutsani. Komabe ping yokwera pang'ono koma yokhazikika imapiririka. Gemu imailosera, ndipo zala zanu zimaizolowera. Choipa kwambiri ndi ping yosinthasintha, imene akatswiri amati jitter: pano 30, kenako 140, kenako 35. Imeneyi palibe angaizolowere. Ndipo apa ndi pamene waya ndi Wi-Fi zimasiyanirana.

Wi-Fi ili ngati msonkhano umene munthu mmodzi yekha ndiye amaloledwa kulankhula pa nthawi imodzi. Chipangizo chilichonse chimayamba chamvetsera ngati tchanelo, kanjira ka mafunde kamene uthenga umadutsamo, chili chete, ndiye n'kutumiza. Chikapeza kuti wina akutumiza, chimadikira. Awiri akatumiza pamodzi, uthenga umawonongeka ndipo aliyense amadikira kanthawi n'kubwerezanso. Mafoni, TV, laputopu ya mwana, ngakhalenso rauta (chipangizo chogawa intaneti m'nyumba) ya oyandikana nawo imene ili pa tchanelo chomwecho, zonsezi zimagawana mpata umodzi. Foni imene ili kutali, kuseri kwa makoma awiri, imatumiza pang'onopang'ono, choncho imatenga nthawi yaitali ili pa tchanelo, ena onse akudikira. Poonera vidiyo simungazindikire zimenezi, popeza vidiyo imasungiratu masekondi angapo akutsogolo. Gemu ilibe chosungiratu. Zimene mwadina panopa zikufunika ku seva panopa.

Waya wa Ethernet alibe mpikisano umenewu. Njira ndi ya chipangizo chanu chokha mpaka pa rauta, ndipo kutumiza ndi kulandira zimachitika nthawi imodzi.

Musanagule chilichonse, yezani. Pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig, ndipo onani nambala imene ili pa Default Gateway. Kawirikawiri imakhala 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, ndipo imeneyo ndi adiresi ya rauta yanu. Kenako lembani ping -n 200 n'kutsatiza adiresi ya rautayo. Chitani zimenezi madzulo, pa nthawi imene mumasewera ndipo m'nyumba muli anthu, osati m'mawa onse atachoka. Pa waya mudzaona milisekondi imodzi kapena kucheperapo mzere uliwonse. Pa Wi-Fi yabwino mudzaona 2 mpaka 5. Musayang'ane kwambiri avereji; yang'anani nambala yaikulu kwambiri ndi timaphukusi totayika. Ngati mizere ina ikudumphira pa 80 kapena 200, kapena ikulemba Request timed out, vuto lili m'nyumba mwanu momwemo ndipo waya alithetsa. Koma ngati mizere yonse ili yotsika ndi yofanana pamene gemu ikugwirabe, vuto lili kunja kwa rauta, ndipo kukoka waya sikusintha zambiri.

Mfundo yomalizayi anthu ogulitsa zipangizo saitchula. Waya amakonza gawo loyamba lokha la ulendo. Kuwala kumene kumanyamula uthenga mu faiba, mawaya a galasi amene intaneti imadutsamo maulendo ataliatali, kumayenda pafupifupi makilomita 200 pa milisekondi, choncho seva imene ili pa mtunda wa makilomita 5,000 singayankhe pasanathe mamilisekondi 50, ngakhale njira itakhala yowongoka, ndipo sikhala yowongoka. Mankhwala ake ndi kusankha seva yapafupi m'makonzedwe a gemu. Ngatinso rauta yanu imalandira intaneti kudzera pa 4G kapena 5G, ndiye kuti gawo lina la ulendo likadali la mafunde, ngakhale kompyuta mutailumikiza ndi waya.

Pa waya weniweniyo, musavutike ndi zodula. Waya wa mtundu wa Cat5e amanyamula 1 Gbps (1,000 Mbps) mpaka mamita 100, zimene n'zokwanira m'nyumba iliyonse. Cat6 ndi yabwinonso ngati mukukwirira m'khoma kuti ikhale zaka zambiri. Pewani waya wolembedwa CCA: m'kati mwake ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa, ndipo sachedwa kuthyoka akapindidwapindidwa. M'kati mwa waya muli timawaya 8, ndipo liwiro la 1 Gbps limafuna tonseto. Kamodzi kakaduka, kapena kakapanda kugwira bwino pa RJ45, kamutu kolowetsa m'bowo, zipangizo nthawi zambiri zimatsikira zokha pa 100 Mbps mwakachetechete. Choncho mukalumikiza, onani liwiro limene kompyuta ikuonetsa. Musamupinde ngati chigongono, musamupanikize ndi chitseko, ndipo pokhomera m'khoma musamenye kilipi mpaka kumufinya. Mabowo a pa rauta akatha, kaswitchi, kabokosi kowonjezera mabowo a waya, ka mabowo asanu kamathetsa nkhaniyo ndipo sikawonjezera kuchedwa koti n'kukumva. PlayStation 5 ndi Xbox Series X zili ndi bowo la waya kumbuyo. Nintendo Switch yoyamba ilibe pa doko lake, imafuna adaputa ya USB. Mukalumikiza waya pa laputopu, zimitsani Wi-Fi kuti mutsimikize kuti uthenga ukudutsadi pa wayapo.

Nanga ngati waya sangatheke, mwina nyumba ndi ya lendi ndipo simungaboole khoma? Njira ina ndi ma adaputa a powerline, amene amadutsitsa uthenga m'mawaya a magetsi. Nyumba zina amagwira bwino, zina ayi, malinga ndi mmene magetsi anayalidwira. Alowetseni mwachindunji mu soketi ya pakhoma, osati pa ekisitenshoni, makamaka yoteteza ku magetsi okwera mwadzidzidzi, chifukwa imafooketsa uthengawo.

Mukakhalabe pa Wi-Fi, sankhani bandi (gulu la mafunde) ya 5 GHz, kapena ya 6 GHz ngati rauta ndi chipangizo chanu zili za Wi-Fi 6E. Mafunde amenewa sapyola bwino makoma, ndiye khalani chipinda chimodzi ndi rauta kapena choyandikana nacho. Bandi ya 2.4 GHz imafika patali, koma ndi yodzaza: matchanelo osalowererana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndipo Bluetooth ndi maikulowevu zimagwiranso ntchito momwemo. Rauta ikhale pamwamba, poonekera, osati m'kabati kapena kuseri kwa TV. Kachipangizo kowonjezera siginolo kamene amati repeater musakadalire posewera. Kamalandira uthenga n'kuutumizanso, motero mizere ya siginolo imadzaza koma uthenga uliwonse umadikira kawiri.

Pali vuto lina limene limagwira onse, a waya ndi a Wi-Fi omwe. Wina m'nyumba akayamba kutumiza zinthu zikuluzikulu, monga foni imene ikusunga yokha zithunzi ndi mavidiyo pa intaneti, mzere wa timaphukusi umatalika mu rauta ndipo ta gemu timaima kumbuyo. Ping imatha kukwera ndi mamilisekondi mazana. Kuti mudziwe, yambitsani ping ku adiresi ya kunja monga 8.8.8.8, kenako tumizani fayilo yaikulu, muone ngati manambala akukwera. Akakwera, fufuzani QoS kapena SQM, zimene zimayang'anira mzere wa timaphukusi, m'makonzedwe a rauta, ndipo ikani malire pa 85 mpaka 90 peresenti ya liwiro limene mwayeza, pokopera ndi potumiza pomwe. Kenako bwerezani kuyeza kuja fayilo ikutumizidwa. Ngati ping ikukwerabe, tsitsani malirewo pang'ono mpaka itakhazikika.