Simenti yokha si pogona pa ng'ombe yamkaka

Kwa zaka zambiri takhala tikumva kuti khola labwino n'lothira simenti paliponse, ati ng'ombe imagona pena paliponse. Mawu amenewa atitopetsa, ndipo akutayitsa alimi mkaka.

Ng'ombe yamkaka imafunika kugona pansi maola 10 mpaka 14 pa tsiku. Ikagona imabzikula bwino, ziboda zimapuma, magazi amayenda ochuluka m'mawere. Pasimenti yolimba imakonda kungoimirira, mawondo amanyuka n'kutupa, kenako imayamba kutsimphina.

Simenti ndi ya poyenda ndi pokamira: yokhakhala kuti isaterere, yotsetsereka pang'ono kuti mkodzo uzipita m'ngalande. Pogona pakhale mamita 1.2 m'lifupi ndi pafupifupi 2.3 m'litali, pokwera pang'ono, pothira mchenga kapena utuchi wouma wochindikala. Ndowe muzichotsa tsiku lililonse, chifukwa pogona ponyowa ndi pamene pamayambira matenda a mawere.

Dziyesereni nokha. Gwadani mwamphamvu pamene ng'ombe imagona. Mawondo akapweteka kapena thalauza likanyowa, ng'ombenso ikuvutika. Masana onani zingati zagona zikubzikula. Za khola musauze mnzanu musanayese chonchi kapena kufunsa alangizi a ziweto.