Mau Piailug ndi mkangano wa pa nyanja ya Pacific

Kwa zaka zambiri akatswiri ankakokanakokana pa funso loti anthu anafika bwanji pa zilumba zomwazikana za m'nyanja ya Pacific. Mu 1947 Thor Heyerdahl anayandama kuchokera ku Peru pa mitengo yomanga pamodzi, pofuna kusonyeza kuti anthuwo anachokera ku South America motengedwa ndi madzi. Mu 1956 Andrew Sharp wa ku New Zealand ananenetsa kuti popanda kampasi munthu sangalondole njira yaitali chotero, ndipo ofikawo anangokankhidwa ndi mphepo atasochera. Eni zilumba zinkawawawa, chifukwa makolo awo ankaoneka ngati anthu ongogwera mwayi.

Mu 1973 ku Hawaii kunabadwa bungwe la Polynesian Voyaging Society, ndipo pofuna kuyesa mfundo ya Sharp linakhoma ngalawa yachikale ya mabwato awiri olumikiza, yoyendera matanga, dzina lake Hōkūleʻa. Ngalawa inalipo, koma woiwongolera kunalibe. Luso loyenda panyanja popanda kampasi linali litatha kale ku Hawaii.

Anakamupeza kutali, pa kachilumba ka Satawal ku Micronesia. Mau Piailug anabadwa mu 1932, ndipo agogo ake aamuna anayamba kumuphunzitsa akadali kamwana. Ankayala timiyala 32 mozungulira, kamwala kalikonse kakuimira pamene nyenyezi inayake imatulukira kapena kulowera, mwana n'kumaloweza mpaka zitakhazikika m'mutu. Kukachita mitambo, mmalinyero ankagona m'bwato n'kumamva ndi thupi lake mbali imene mafunde aakulu akumenyera. Madzulo ankayang'ana mbalame zina zogona pamtunda, poti kumene zikulowera ndiko kuli chilumba. Mau analowa mwambo wa pwo, wa akatswiri owongolera ngalawa, ali ndi zaka pafupifupi 18.

Ngalawa inanyamuka pa chilumba cha Maui ku Hawaii pa 1 May 1976, ilibe kampasi kapena mapu, pa njira ya makilomita oposa 4,000 imene Mau anali asanayendepo. Pa 4 June inakocheza ku Papeete ku Tahiti, khamu la anthu likudikira pagombe. Mfundo ya Sharp inagwedezeka tsiku limenelo. Koma ulendowo sunali wokoma: amalinyero anayambana m'njira mpaka kumenyana, Mau zinamunyansa, n'kubwerera kwawo osaiperekezanso ngalawa.

Mu 1978 Hōkūleʻa inagubuduzika itangonyamuka ku Honolulu, ndipo mmodzi wa amalinyero, Eddie Aikau, amene anapalasa yekha kukaitana thandizo, sanaonekenso. Imfayi itachitika, mnyamata wina wa ku Hawaii, Nainoa Thompson, anakapempha Mau kuti awaphunzitse Ahawaii lusolo, iye n'kuvomera.

Kwa ine apa ndi pamene pali kulimba mtima kwenikweni, kuposa ulendo wa ku Tahiti uja. Ku Satawal nzeruzi zinali chinsinsi cha pabanja, zosapatsa mlendo, ndipo ena kwawoko sanakondwe naye. Mau ankaona kuti achinyamata a pachilumbapo maso ali ku sukulu ndi ku maboti a injini, moti akakakamira mwambo, nzeru zikalowa naye m'manda. Mu 1980 Thompson anawongolera Hōkūleʻa kupita ku Tahiti ndi kubwerera, Mhawaii woyamba kutero patapita zaka mazana angapo. Mu 2007 Mau analowetsa Ahawaii asanu mu pwo ku Satawal komweko, Thompson ali m'gulumo. Mau anamwalira pa 12 July 2010.