Phokoso la anzathu m'fakitale limawononganso makutu

Ndikamayendera mafakitale ndi magalaja a ku Kanengo pa ntchito yanga yoona za chitetezo cha ogwira ntchito, madandaulo ambiri amene ndimamva amakhala okhudza anzawo: wina watsegula wailesi mpaka kumapeto, wina akuponya zitsulo pansi m'malo mozitula bwinobwino, wina akusasa fumbi pa ovolosi yake ndi mpweya wa kompulesa. Ambiri amangopirira poopa kutchedwa anthu ovuta, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima chifukwa makutu awo ndi amene akuwonongeka.

Phokoso timaliyeza m'madesibelo. Muyezo womwe akatswiri ambiri amatsata ndi wakuti munthu asapitirire maola 8 ali m'phokoso la madesibelo 85, ndipo phokosolo likangokwera ndi madesibelo 3, nthawiyo imadulidwa pakati: pa 88 ndi maola 4, pa 91 ndi maola 2 basi. Tsono wailesi ikamasokosa mofanana ndi makina amene ili nawo pafupi, ndiye kuti yawonjezera madesibelo 3 amenewo. Ngakhale popanda choyezera mutha kudziwa, pakuti ngati mukuchita kukuwa kuti mnzanu amene wayima mita imodzi kuchokera pamene muli akumveni, ndiye kuti mwafika kale pa malire. M'kati mwa khutu muli timaselo tonga tiubweya timene tikafa sitimeranso, ndipo kulira kwa m'makutu kumene mumamva mukakwera minibasi madzulo poweruka ndi chenjezo lake.

Dziwaninso kuti nthawi zina mnzanu wosokosayo sachita dala. Munthu amene wagwira galayinda (makina opukusira zitsulo) zaka zambiri amayamba kugontha osadziwa, n'chifukwa chake amakweza wailesi ndi mawu omwe. Musamudzudzule pagulu ntchito ili m'kati. Dikirani nthawi ya nkhomaliro, mumutengere pambali, ndipo mutchule zimene zachitikadi: "Achimwene, dzulo forklift, galimoto yonyamulira katundu ija, imabwerera chammbuyo koma ine sindinaimve chifukwa cha wailesi ija." Ndaona kuti anthu amamva msanga nkhani ya ngozi kusiyana ndi mawu akuti mukundisokosa.

Zikapanda kusintha, kauzeni kapitawo, makamaka polemba kalata yotchula tsiku ndi malo. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapatsa olemba ntchito udindo woteteza umoyo wa antchito awo, choncho kupempha kuti malo opukusira zitsulo atchingidwe, kapena kuti mupatsidwe zotsekera m'makutu zenizeni, si chipongwe. Thonje limene ena amatseka nalo m'makutu silitchinga phokoso lokwanira, ndipo mahedifoni oimba nyimbo amangowonjezera vutolo. Amene makutu awo akhala akulira kwa masiku angapo apite kuchipatala akapemphe kuyezedwa kamvedwe kawo, ndipo asunge pepala la zotsatira zake kuti adzaliyerekeze ndi la chaka chamawa.