Kusiyana kwa "borrow" ndi "lend" m'Chingerezi

Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuchonga zimangirizo za ophunzira a Fomu 4 okonzekera mayeso a MSCE, cholakwa chimene sichisowa pamulu wa makope ndi chiganizo chakuti "Borrow me your pen". Mwana wolemba chonchi si mbuli ayi, koma waganiza bwinobwino m'Chichewa, pakuti ife timati "ndibwereke cholembera" popempha, ndipo timatinso "ndabwereka njinga kwa amalume" pofotokoza zimene talandira. Mneni mmodzi yemweyo amatumikira wopereka ndi wolandira, ndipo womvera sasokonezeka chifukwa mawu oyandikana nawo amamuuza kumene chinthucho chikulowera.

Chingerezi chinagawa ntchito imeneyi kwa aneni awiri. Mneni "borrow" ndi wa munthu amene akutenga chinthu kuti adzabweze, ndipo amayenda ndi mperekezi "from", monga m'chiganizo chakuti "I borrowed a hoe from my neighbour". Mneni "lend" ndi wa mwini chinthu amene akuchipereka, ndipo mperekezi wake ndi "to", monga "My neighbour lent a hoe to me". Khasu ndi limodzi lomwelo, koma mwininkhani wasintha, choncho mneni ayenera kusinthanso.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa mlowam'malo "me". Mneni "lend" amalola kuti wolandira abwere pambuyo pake penipeni, ndiye chifukwa chake "Lend me your pen" ndi cholondola. Mneni "borrow" salola zimenezi, pakuti chomutsatira ndicho chinthu chobwerekedwacho, kotero kuti wonena "borrow me" akumveka ngati akudzipereka yekha kuti abwerekedwe. Wofuna kupempha mwaulemu anene kuti "May I borrow your pen?"

Ine ndimakonda kukumbutsa ophunzira za mneni wathu kubwereketsa, amene tanthauzo lake ndi la wopereka basi. Monga momwe msintho wochititsa umasandutsira kugula kukhala kugulitsa ndi kuphunzira kukhala kuphunzitsa, pamene Chingerezi chimasintha liwu lonse n'kuti "buy" ndi "sell", "learn" ndi "teach", momwemonso kubwereketsa ndiye "lend". Nthawi yake yakale ndi "lent", osati "lended", ndipo wolemba kalata yopempha ngongole kubanki alembe kuti "I ask the bank to lend me K500,000".