WhatsApp sinakule chifukwa choti ndi yabwino kuposa zonse

Ambiri kuno ku Chipata timaganiza kuti pa intaneti amapambana ndi amene wapanga pulogalamu yabwino. Sizili choncho. Telegram ndi Signal nazonso zimatumiza mauthenga bwinobwino, koma ikani Signal pafoni yanu lero, mulankhula ndi ndani? Gulu la kumpingo, amayi ogulitsa tomato ku Kapata, ogula mtedza ku Katete, onsewo ali pa WhatsApp. Munthu amapita komwe kuli anzake, ndipo aliyense wolowa amapangitsa kuti ena avutike kuchoka. Nchifukwa chake mu 2014 Facebook inagula WhatsApp ndi madola pafupifupi 19 biliyoni, pofuna khamu la anthulo. Kampani yatsopano imavutika kwambiri kupeza anthu, ngakhale itapereka zake mwaulere.